AMAYI, NKHANI YA MAGETSI NJATHUNSO

 Sabata ino sindikamba za kasokedwe ka malaya a ana kapena kaphikidwe ka ndiwo zamasamba ayi. Ndabwera ndi nkhani ya magetsi. Ndikudziwa kuti wina anena mumtima mwake kuti zimenezo nza abambo ndi anthu a sukulu. Inenso ndinkaganiza chomwecho, koma dekhani mumve, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku apitawa akatswiri a zamagetsi, amene timawatcha mainjiniya, anali ndi msonkhano wao mumzinda muno, ndipo gulu lathu la amayi linapemphedwa kukakonza tiyi ndi chakudya chamasana. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 8, ndipo Chingerezi changa nchothyokathyoka. Komabe titatha kutsuka makapu ndinakakhala pa mpando wakumbuyo pafupi ndi chitseko. Mtsikana wina amene akuphunzira ntchito imeneyi anandichitira ulemu, nakhala pambali panga kumandimasulira. Nkhani zao zinali ziwiri: kumene magetsi athu anachokera, ndi kumene adzachokere mawa. Ndinatuluka m'menemo ndikudziwa kuti nkhani yonseyo imathera pa mafuwa athu.

Magetsi amachokera kuti?

Poyamba tiyeni timvetse chinthu chimodzi chapafupi. Nonse mukuidziwa dayinamo ya njinga. Tayala likamazungulira limazunguza kamutu ka dayinamoyo, ndipo nyali imayaka. Mukaima, nyalinso izima. M'kati mwakemo muli maginito ndi waya wokulungakulunga. Munthu amene anatulukira nzeru imeneyi ndi Michael Faraday wa ku England, m'chaka cha 1831. Makina akuluakulu onse opangira magetsi kuchokera ku madzi kapena ku mphepo amayendera nzeru yomweyi. Chosiyana nchakuti m'malo mwa miyendo ya wopalasa njinga, amazunguzidwa ndi madzi ogwa pamathithi kapena ndi mphepo yoomba.

Tsono taonani ubwino wake. Palafini ukamuthira m'koloboyi amatha, ndipo mawa upitanso kugolosale. Mtengo ukauotcha makala wapita. Koma madzi akazunguza makina amapitirira ulendo wao osachepa ngakhale pang'ono. Dzuwa likalowa madzulo limatulukanso m'mawa. Mphepo ikaleka lero imaombanso mawa. Nchifukwa chake akatswiri amazitcha mphamvu zosatha.

Nyali za ku Khondowe

Chimene chinandidabwitsa koposa nchakuti nzeru imeneyi si yachilendo kuno kumpoto. Mishoni ya Livingstonia inasamukira pa phiri la Khondowe m'chaka cha 1894, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws. Kumeneko anaika makina ozunguzidwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe, ndipo m'chaka cha 1905 nyali za magetsi zinayaka pamishonipo. Taganizani, amayi. Mzinda waukulu wa New York ku America unayamba kugulitsa magetsi m'nyumba za anthu mu 1882. Patangopita zaka 23 zokha, magetsi anali kuyaka pamwamba pa phiri m'dziko lathu lino. Nthawi imeneyo mzinda wa Mzuzu kunalibe. Unayamba m'zaka za m'ma 1940 ngati malo a munda wa mitengo ya tangi, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985.

Mabuku amatchula maina a amishoni, koma zitsulo zolemera zija sizinakwere zokha phiri lija kuchokera kunyanja. Anazisenza ndi makolo athu, ndipo amene anawaphikira nsima kuti apeze mphamvu anali amayi onga inu ndi ine.

Ulendo wa madzi a Lunyangwa

Magetsi ambiri amene timayatsa lero amachokera kutali, ku mtsinje wa Shire kumwera. Makina a pa Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966, a pa Tedzani mu 1973, ndipo a pa Kapichira mu 2000. Kuno kumpoto tili ndi makina aang'ono pa mtsinje wa Wovwe m'boma la Karonga, amene anatsegulidwa mu 1995. Mphamvu ya magetsi amaiyesa ndi muyeso wotchedwa megawati, monga ife tiyesera chimanga ndi ndowa. Wovwe amapereka mamegawati osapitirira 5, pamene Kapichira yekha amapereka pafupifupi 130.

Nanga madzi a Shire amachokera kuti? Amachokera m'nyanja ya Malawi. Nanga a m'nyanja? Amachokera ku mvula ndi ku mitsinje, ndipo ina mwa mitsinjeyo njakwathu konkuno. Lunyangwa wathuyu, amene damu lake limatimwetsa madzi mu Mzuzu, amakathira mu Kasitu, Kasitu amakathira mu Rukuru, ndipo Rukuru amakathira m'nyanja. Madzi omwewo amatsetsereka mpaka ku Mangochi, nalowa mu Shire, nakazunguza makina a pa Nkula. Pomaliza amabwerera kwathu kudzera m'mawaya, ali kuwala kwa m'nyumba ndi mphamvu ya pachigayo. Nzoonadi, madzi saiwala khwawa.

Koma kusunga mbewu zonse m'nkhokwe imodzi nkoopsa, pakuti chiswe chikalowamo banja lonse ligona ndi njala. Mbiri imatiuza kuti kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja inaphwera kotero kuti madzi analeka kutuluka kupita mu Shire. Ifenso taona ndi maso athu. Mvula itavuta mu 2015 ndi 2016 nyanja inatsika, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko nilitaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake, ndipo makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023. Mukukumbukira m'mene tinkagonera pachigayo kudikira kuti magetsi ayake? Mukukumbukira amayi ogulitsa mafirizesi ndi nsomba zaziwisi m'mene katundu wao ankaonongekera?

Mafuwa athu ndi nkhalango

Apa ndi pamene nkhaniyi inandikhudza mtima. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi a m'mawaya. Pa kuphika, nyumba zoposa 90 mwa 100 zinkadalira nkhuni ndi makala. Mu Mzuzu monse, umene nthawi imeneyo unali ndi anthu oposa 220,000, tikudziwa tokha kuti ngakhale nyumba ya magetsi sisowa mbaula pakhonde.

Makala amenewo sachokera kumwamba. M'bandakucha uliwonse timaona njinga zikulowa mumzinda zitasenza matumba, ndipo thumba lililonse linali mtengo dzulo. Nkhalango ya Kaning'ina, imene imasunga akasupe a Lunyangwa, ili pakhomo pathu penipeni. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka, matope nadzaza m'mitsinje ndi m'madamu, ndipo chilimwe chikafika akasupe amaphwa. Kumwera matope ndi zinyalala zimatseka makina a pa Shire. Magetsi akazima timathamangira makala, makalawo namalizanso mitengo ina, magetsi nazimiratu. Tili ngati munthu wosasula udzu wa padenga lake kuti aothe moto.

Sindikunena izi kuti ndikudzudzuleni ayi, pakuti inenso ndimaphikira pambaula, ndipo woocha makalayo nayenso ali ndi ana ofuna yunifomu. Ndikunena kuti tidziwe kuti chingwe chimene akatswiri akukoka, nsonga yake ina ili m'manja mwathu. Mbaula yadothi ya chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, utsi wakenso ngwochepa, ndipo amayi angathe kuiumba okha ndi kuigulitsa. Nyemba mukaziviika usiku zimapsa msanga. Mphika wovundikira sumaliza makala monga wapululu. Ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chonde musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha.

Dzuwa ndi mphepo

Akatswiri anagwirizana kuti mtsinje umodzi sungasenze dziko lonse. Nchifukwa chake mu 2021 ku Nanjoka m'boma la Salima kunatsegulidwa munda waukulu wa masola wopereka mamegawati 60, ndipo mu 2022 unatsegulidwa wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza. Wa ku Golomotiwo uli ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu kuti igwire ntchito dzuwa likabisala.

Sola yaing'ono ya panyumba imagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo ambiri a ife tinayamba kale kugula. Tsono nazi zimene ndinatolako zoti zikuthandizeni. Poika sola padenga, ipendekere cha kumpoto, pakuti dziko lathu lili kumwera ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limayenda cha kumpoto. Isakhale pa mthunzi wa mtengo, chifukwa mthunzi ngakhale wa nthambi imodzi umachepetsa mphamvu kwambiri. Fumbi lizipukutidwa ndi kansalu konyowa m'mawa sola isanatenthe. Pa masiku a nkhungu ndi mvula yamawawa, amene mu Mzuzu ngosasowa, sola imagwirabe ntchito koma mofooka, choncho muchepetse zoyatsa. Batire musamalimalize mphamvu yonse tsiku ndi tsiku, pakuti likatero silikhalitsa, ndipo likafa musalitaye pamene ana amasewera chifukwa m'kati mwake muli poizoni.

Pogula musatengeke ndi kutsika mtengo kokha, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani lisiti, ndipo funsaninso ngati adzakusinthireni chikaonongeka msanga. Woika mawaya m'nyumba mwanu akhale wa chiphaso chochokera ku bungwe la MERA, limene limayang'anira za mphamvu m'dziko muno. Magetsi okokerana mobisa ndi mawaya osakutira aotcha nyumba ndi kupha ana. Safunsa anadya phula.

Nanga ana athu aakazi?

Ndili chikhalire kumbuyo kuja ndinayamba kuwerenga mitu. Abambo anali ochuluka, amayi owerengeka. Ndinadzifunsa kuti, kodi amene amatsokomola ndi utsi wa kukhitchini ndani? Amene amasenza mtolo wa nkhuni ndani? Amene amachira pa kuwala kwa tochi magetsi akazima kuchipatala usiku ndani? Nanga bwanji pokonza mankhwala a mavuto amenewa mwini nthenda palibe?

Tilibe chowiringula chakuti sukulu ili kutali. Pa Luwinga pompa pali yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kulandira ophunzira mu 1999, ndipo kumeneko amaphunzitsa za mphamvu ya dzuwa, ya mphepo ndi ya madzi. Mtsikana wokhoza masamu ndi sayansi angathe kuchoka ku Chiputula kapena ku Ching'ambo nakatuluka ali injiniya. Koma m'mera mpoyamba. Ngati madzulo aliwonse mnyamata ali pa buku pamene mlongo wake ali pa mbale, musadabwe ndi zotsatira za mayeso. Gawani ntchito mofanana, ndipo nyali ya sola ija iyambe yaunikira mabuku isanaunikire macheza.

Ngakhale ife amene sukulu inatikanika tisadziyese opanda pake. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analeka sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, koma ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, nayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Lero mbiri yake ili m'buku ndi m'kanema. Ndiponso alipo amayi a m'midzi ya dziko lino, ena osadziwa n'kulemba komwe, amene anapita ku Barefoot College ku Tilonia m'dziko la India, nakaphunzira miyezi 6 kulumikiza ndi kukonza nyali za sola. Dzanja lodziwa kulowetsa ulusi pa singano silingalephere kulumikiza waya.

Tsono amayi anzanga, pa msonkhano wa gulu lanu sabata ino ikanipo nkhani imeneyi. Kambiranani ngati ndalama za banki m'khonde sizingagulire membala aliyense nyali ya sola mosinthana. Pezani wodziwa kuumba mbaula yadothi adzakuphunzitseni. Mvula ikayamba bzalani mitengo m'malire a puloti ndi m'mbali mwa dambo, ndipo muisamalire kufikira itakula. Mukamva kuti akatswiri kapena akuluakulu a boma aitanitsa anthu kudzakamba za magetsi ndi nkhalango, pitani mukakhale kutsogolo, mukafunse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka mopanda manyazi. Mutu umodzi susenza denga. Iwo akudziwa makina, ife tikudziwa mtengo wa thumba la makala ndi kuwawa kwa utsi m'maso.

Ine ulendo uno ndinapita kukatsuka makapu, koma ulendo wina ndidzapita ndi mwana wanga wamkazi, ali ndi kope ndi cholembera m'manja. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.