Ulimi wa lamulo ku Zimbabwe: zomwe zinachitika asilikali atagwira makiyi a nkhokwe

HARARE – Kawiri konse, mu 2005 komanso mu 2016, boma la Zimbabwe linaitana asilikali kuti athandize kuyendetsa ulimi wa chimanga, ponena kuti mwambo wa ku gulu la nkhondo ndiwo ungathetse chidodo ndi kuba komwe kunkachitika m'maofesi a boma. Maulendo onse awiri ndalama zambiri zinalowa m'ndondomekoyo, ngongole zochuluka sizinabwezedwe, ndipo mabuku osonyeza momwe chumacho chinayendera anasowa kapena sanaonetsedwe kwa anthu.

Ena amatenga mbiri imeneyi ngati umboni wakuti boma lisamalowerere pa ulimi. Koma dziko lomweli, m'zaka za m'ma 1980, linaonetsa kuti nthambi za boma zikhoza kutukula mlimi wamng'ono. Kusiyana kwa nyengo ziwirizi kuli pa yemwe ankayendetsa ntchitoyo, ndi yemwe anali ndi mphamvu zomufunsa mafunso. Nkhaniyi ikukhudzanso maiko a Malawi, Zambia ndi Mozambique, chifukwa ambiri mwa anthu omwe anavutika kwambiri ndi zidzukulu za anthu ochokera kumeneko.

Dera lomwe linkadyetsa dziko

Zigawo zitatu za Mashonaland West, Mashonaland Central ndi Mashonaland East ndizo zimalandira mvula yodalirika ndipo zili ndi nthaka yachonde. Chimanga chambiri, fodya, tirigu ndi soya zinkachokera m'mafamu akuluakulu a m'chigwa cha Mazowe ndi madera ozungulira Bindura, Banket, Chinhoyi, Karoi ndi Marondera. Nkhokwe zazitali za simenti za bungwe logula ndi kusunga mbewu la Grain Marketing Board, lomwe anthu amangoliti GMB, zinamangidwa m'malo monga Lion's Den, Banket, Concession ndi Chegutu.

Chisanafike chaka cha 2000, mafamu a mtundu umenewu m'dziko lonse anali m'manja mwa alimi achizungu pafupifupi 4,500, ndipo ankalemba antchito oposa 300,000. Gawo lalikulu la antchitowa linali la anthu omwe makolo awo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia, ena poyenda pansi, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito lomwe ku Malawi linkadziwika kuti Mthandizi. Ambiri sanabwererenso kwawo. Chichewa ndi gule wamkulu zinazika mizu m'makomboni a m'mafamumo.

Boma silinkafika kwenikweni m'makombonimo. Sukulu, chipatala, madzi ngakhalenso malo a manda zinkadalira mtima wa mwini famu. Wantchito akachotsedwa ntchito ankataya nyumba ndi zonse pa tsiku limodzi.

Pomwe nthambi za boma zinagwira ntchito

Bungwe la GMB linachokera ku bungwe loyang'anira malonda a chimanga lomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1931, makamaka pofuna kuteteza alimi achizungu ku mpikisano wa alimi achikuda. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma latsopano silinathetse bungweli koma linalitembenuza kuti litumikirenso anthu a m'midzi. Linatsegula misika ndi malo osonkhanitsirako mbewu m'madera omwe kale kunalibe. Mu 1981 linaphatikiza nthambi ziwiri za ulangizi, ya azungu ndi ya anthu akuda, n'kupanga nthambi imodzi yotchedwa Agritex. Ngongole za boma zinayamba kufika kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo mbewu za haibulidi zocha msanga, zomwe akatswiri a boma anapanga kale, zinafalikira m'midzi.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 1980 alimi a m'midzi ankapereka chimanga chosafika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a chomwe GMB inkagula. Pofika 1985 ankapereka choposa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ndondomekoyi inali ndi zofooka zake. Phindu lalikulu linapita kwa alimi a m'madera a mvula yambiri, bungwe la GMB linkaluza ndalama posunga chimanga chotsala, ndipo chilala cha 1992 chinapeza nkhokwe zitachepa chifukwa chimanga china chinali chitagulitsidwa kunja. Komabe mtengo unkalengezedwa poyera, mlimi ankalipidwa, ndipo mlangizi anali munthu wophunzira za ulimi yemwe ankakhala m'dera lomwelo.

Kulanda mafamu ndi kubwera kwa Maguta

Zinthu zinasintha kuyambira mu February 2000, pomwe magulu otsogozedwa ndi omwe anamenya nkhondo ya ufulu anayamba kulowa m'mafamu. Mu July chaka chomwecho boma linakhazikitsa ndondomeko yogawa malo mwachangu. Mabanja ambiri osowa malo analandira minda ing'onoing'ono, pomwe mafamu ambiri abwino, okhala ndi madamu ndi zipangizo za mthirira, anapita kwa akuluakulu a chipani cholamula, a boma ndi a gulu la nkhondo.

Zokolola zitatsika, boma linabwezeretsa mu 2001 lamulo lakuti chimanga ndi tirigu zizigulitsidwa ku GMB kokha. Apolisi ankalanda matumba a chimanga pa malodibuloko. Mtengo womwe bungweli linkapereka unkatha mphamvu mlimi asanalandire ndalama zake, chifukwa mitengo ya katundu inkakwera tsiku ndi tsiku.

Ndi m'nyengo imeneyi m'mene maudindo a mabungwe a boma anayamba kupita kwa asilikali. Samuel Muvuti, msilikali wopuma, anatsogolera GMB, ndipo Mike Karakadzai wa ku gulu la nkhondo la mumlengalenga anapatsidwa kampani ya sitima za pamtunda. Chakumapeto kwa 2005 boma la Robert Mugabe linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Operation Maguta. Liwu la Chishona lakuti maguta ndi lachibale ndi liwu lathu lakuti kukhuta. Asilikali anatumizidwa m'mafamu ndi m'masikimu a mthirira kukagawa mbewu, feteleza ndi mafuta, kukayang'anira kulima, ndi kuonetsetsa kuti zokolola zapita ku GMB.

Lipoti lomwe bungwe la Solidarity Peace Trust linatulutsa mu 2006, lofotokoza za masikimu a m'chigawo cha Matabeleland, linati asilikali ankazula ndiwo zamasamba kuti pabzalidwe chimanga, ndiponso ankaletsa alimi kutenga zokolola za m'minda yawo. Ku Mashonaland dandaulo lomwe linkamveka kawirikawiri linali lakuti zipangizo zinkafika mvula itapita kale, komanso kuti dizilo ndi feteleza wotsika mtengo zinkapezeka pa msika wozembera.

Mu 2007 ndi 2008 banki yaikulu ya dzikolo, motsogozedwa ndi Gideon Gono, inagawanso mathirakitala ndi makina ena. Ambiri mwa olandira sanalipire, ndipo mu 2015 nyumba ya malamulo inavomereza kuti boma lisenze ngongole za bankiyo, zoposa madola a ku America 1.3 biliyoni. Izi zikutanthauza kuti okhoma msonkho ndiwo analipirira mathirakitala a anthu olemera.

Anthu sanakhute. Mabungwe a FAO ndi WFP anayerekeza kuti chimanga cha mu 2008 chinali matani 575,000, pomwe dzikolo limafuna pafupifupi matani 1.8 miliyoni pa chaka. Kumayambiriro kwa 2009 anthu oposa 5 miliyoni ankadalira chakudya cha thandizo. Mu 2007 dziko la Zimbabwe linagula chimanga ku Malawi, dziko lomwe kwa zaka zambiri linkatumiza anthu ake kukalima m'mafamu a Mashonaland.

Ulendo wachiwiri

Chilala cha 2016 chitadutsa, ganizo lomwe lija linabweranso ndi dzina lakuti Command Agriculture, ndiye kuti ulimi wa lamulo. Emmerson Mnangagwa, yemwe pa nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndiye ankayang'anira. Cholinga chinali kukolola matani 2 miliyoni pa mahekitala 400,000. Mlimi ankalandira zipangizo pa ngongole n'kulonjeza kupereka matani 5 pa hekitala iliyonse ku GMB, yomwe inkagula pa madola 390 pa tani, mtengo woposa wa m'maiko oyandikana nawo. Asilikali anali m'magulu ogawa ndi kulondoloza zipangizo, ndipo kampani ya mafuta ya Sakunda Holdings, ya Kudakwashe Tagwirei, ndiyo inapatsidwa ntchito yopeza ndalama ndi katundu.

Mu 2017 dzikolo linakololadi matani oposa 2 miliyoni, ndipo boma linati ndondomekoyo yapambana. Koma chaka chimenecho mvula inagwa bwino m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa, ndipo alimi omwe sanali m'ndondomekoyo anakololanso zochuluka. Mu November chaka chomwecho asilikali anachotsa Mugabe pa mpando, ndipo mkulu wa gulu la nkhondo la mumlengalenga, Perrance Shiri, anakhala nduna ya za malo ndi ulimi.

Mu 2019 komiti ya nyumba ya malamulo younika za chuma cha boma, motsogozedwa ndi Tendai Biti, inati panalibe zikalata zokwanira zofotokoza ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni, zomwe zambiri zinkakhudza ndondomekoyi. Akuluakulu a unduna wa za ulimi anauza komitiyo kuti ndalamazo sizinadzere m'mabuku awo. Kampani ya Sakunda inakana kuti inachita cholakwa. Ngakhale zinali choncho, dziko la America linaika ziletso pa Tagwirei mu 2020, ndipo la Britain linachita chimodzimodzi mu 2021.

Chifukwa chiyani mwambo wa usilikali sunathandize

Gulu la nkhondo linapangidwa kuti lamulo lizichokera kumwamba ndi kumveredwa mosafunsa. Ulimi umafuna kuti uthenga uzichokera pansi: kuti mvula yachedwa, mbewu iyi siyenera nthaka iyi, feteleza sanafike. Msilikali wamng'ono sangauze mkulu wake kuti lamulo lalakwika, choncho malipoti opita ku likulu amakhala okoma kuposa zomwe zili m'munda.

Chachiwiri, asilikali sanachotse maofesi akale koma anawonjezera ofesi ina pamwamba pake. Mlimi ankafunabe kalata yotsimikiza kuti boma linamupatsa malo, dzina lake pa mndandanda wa mlangizi ndi chilolezo cha ku GMB, ndipo tsopano panafunikanso siginecha ya msilikali. Khomo lililonse lowonjezera ndi tsiku lina lotayika m'nyengo yobzala, komanso ndi malo ena opemphera chiphuphu.

Chachitatu, ndalama za gulu la nkhondo zimatetezedwa ndi chinsinsi cha chitetezo cha dziko. Chinsinsicho chikaphimba feteleza ndi dizilo, owerengera chuma cha boma, atolankhani ndi aphungu amalephera kulondola katundu. Akuluakulu ena omwe ankayang'anira kagawidweko anali ndi mafamu awoawo ofuna zipangizo zomwezo, ndipo mbuzi imadya pomwe aimangirira. Asilikali wamba sanapindule kwenikweni: mu December 2008 ena mwa iwo anachita zipolowe m'misewu ya Harare atalephera kutapa malipiro awo ku banki.

Omwe analibe pepala lililonse

Antchito a m'mafamu ndiwo anagwa pakati. Kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti omwe analandira malo sanafike pa anthu 5 mwa 100 alionse. Lamulo la unzika lomwe linasinthidwa mu 2001 linkafuna kuti aliyense yemwe kholo lake linabadwira kunja akane mwalamulo unzika wa dziko linalo, ngakhale anali asanapondeko. Ambiri analibe zikalata za kubadwa kapena ndalama zopitira ku ofesi ya kazembe ku Harare, ndipo zitupa zawo zinkawasonyeza kuti ndi alendo.

Popanda malo panalibe kalata, ndipo popanda kalata panalibe mbewu kapena feteleza. Anatsala m'makomboni akale n'kumagwira maganyu kwa eni malo atsopano, ana awo akuphunzira m'masukulu ongoyembekezera omwe ena anatsegulidwa m'zigafa za fodya. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anazindikira unzika wa anthu obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, koma kupeza chitupa chatsopano kunafunabe zikalata zomwe ambiri analibe. Anthuwa ankasowa ntchito za boma zenizeni, monga kaundula wa kubadwa, sukulu yolembetsedwa ndi chipatala, ndipo chomwe chinawafikira ndi lamulo.

Phunziro kwa maiko oyandikana nawo

Vuto losunga nkhokwe mwachinsinsi si la Zimbabwe yokha, ndipo silifuna yunifomu kuti lichitike. Ku Malawi, chimanga cha m'nkhokwe za boma choposa matani 160,000 chinagulitsidwa mu 2000 ndi 2001, ndipo njala ya 2002 inapeza nkhokwezo zili pululu. Anthu omwewo omwe anakwiya ndi nkhaniyi anakananso kutsekedwa kwa misika ya ADMARC ya kumidzi, chifukwa ankadziwa kuti wamalonda safika kumalo komwe msewu ndi woipa. Ku Zambia, nthambi ya Zambia National Service inayamba mu 2023 kugulitsa ufa wotsika mtengo wotchedwa Eagle, chizindikiro chakuti ganizo lodalira asilikali pa nkhani ya chakudya limakopabe maboma.

Ku Zimbabwe komweko, kuyambira mu 2020 boma linatsamira pa ndondomeko ya Pfumvudza, momwe alangizi a Agritex amaphunzitsa mabanja kulima timinda ting'onoting'ono ta m'maenje ndi kuphimbira nthaka. Mu 2021, mvula itagwa bwino, boma linalengeza zokolola za matani 2.7 miliyoni. Madandaulo akuti zipangizo zimagawidwa mokondera chipani sanathe, ndipo chilala cha 2024 chinagwetsanso zokolola, moti maiko a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza kuti agwa m'tsoka.

Chilala chidzabweranso, ndipo maboma adzafunikabe kugula, kusunga ndi kugawa chimanga. Mbiri ya Mashonaland ikupereka mafunso omwe nzika ingafunse ndondomeko yotere ikalengezedwa: kodi mndandanda wa olandira udzapachikidwa poyera, kodi ndalama zidzadzera ku nyumba ya malamulo, kodi wogawayo ali ndi munda wake wofuna katundu yemweyo, ndipo kodi munthu wopanda chitupa akadandaule kwa yani. Mu 1985 ambiri mwa mafunsowa anali ndi mayankho. Mu 2006 ndi mu 2017 analibe.