Kamera ikangoti "offline", musafulumire kuitaya

Ku Chipulukusu, mu Ndola, bambo wina wa kantemba anaika kamera pakhomo atamubera kawiri. Masana imaonetsa bwino pa foni, koma usiku, nthawi ya akawalala, imangoti "offline". Ngati yanu ichitanso chimodzimodzi, musathamangire kunena kuti anakugulitsani gong'a. Kawirikawiri vuto limakhala pa Wi-Fi.

Yambani ndi malaiti. Load shedding tiidziwa tonse, makamaka ya 2024 pomwe madzi anachepa ku Kariba. Kamera ingakhale ndi batire yake, koma rauta ikazima, basi yaduka. Igulireni ka mini UPS. Ngati ndi MiFi, ilumikizeni ku power bank ndipo muchotse sleep mode, chifukwa ma MiFi ena amagona okha.

Manje onani mtunda. Zipupa za mabuloko, malata ndi chitseko cha nsimbi zimafooketsa network. Imirirani pomwe pali kamera, muone Wi-Fi pa foni. Ngati kamzere ndi kamodzi chabe, sendezani rauta pafupi, muiike pamwamba.

Chinanso, makamera ambiri otchipa amagwira pa 2.4 GHz chabe, osati 5 GHz. Lowani mu settings za rauta, muyatse 2.4 GHz, mulumikizenso kamera.

Bundle nayo muziiona. Vidiyo imadya data maningi, ndiye chepetsani quality.

Pomaliza, ikani memory card. Network ikathawa, makamera ambiri amapitiriza kujambula malinga ali ndi moto, ndipo mudzakhala ndi chowaonetsa apolisi.