Kodi Timu Igulitse Katswiri Wake?

Ife a kuno ku Chia, amene mpira waukulu timaumvera pa wailesi kwinaku asodzi akusoka maukonde padoko, timatsutsana kawirikawiri ngati n'koyenera kuti timu igulitse mnyamata amene Mulungu anamninkha luso lomwetsa zigoli. Ndipo ine, ngakhale ndidziwa kuwawa kwake kwa ochemerera, nditi imgulitse ndithu, koma mwanzeru.

Taonani Gabadinho Mhango, amene anachoka ku Big Bullets mu 2013 kunka ku Bloemfontein Celtic, namwetsa pambuyo pake zigoli 16 mu ligi ya South Africa ya 2019/20 ali ku Orlando Pirates: Bullets ikadamkaniza kuchoka, kodi dzina lake likadamveka kutali chotero?

Nkhani yagona pa pangano. Kontirakiti ikatha, wosewera amachoka ulele, timu n'kutsala chimanjamanja. Koma ikamgulitsa nthawi isanakwane imalandira ndalama, ndipo ikachenjera imalembetsa kuti akadzagulitsidwanso idzadyeko gawo. FIFA nayonso inalamula kuti 5 peresenti ya mtengo wa wosewera wogulitsidwa kunja izigawidwa kwa matimu amene anamlera. Akale anati kupatsa n'kuika. Komatu ndalamazo zilere anyamata ena, zisathere m'matumba a akuluakulu a timu.