Kodi mumadziwa? Za asidi wa m'mimba ndi chimbudzi

Kodi mumadziwa kuti m'chifu mwanu muli asidi woopsa, ndipo ndi bwino kuti alimo? Akatswiri amayeza kuwawasa kwa zinthu ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Nambala ikamatsika, asidi ndiye akuchuluka. Madzi abwino ali pa 7, madzi a mandimu ali cha pa 2, pomwe chifu cha munthu wathanzi chimakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5. Asidi ameneyu amafewetsa nyama ndi nyemba zomwe mwadya, komanso amapha tizilombo tambiri tolowa ndi chakudya.

Kodi mumadziwa kuti kachilombo ka kolera kamaopa asidi? Kuti munthu adwale, pamafunika kuti tizilombo tochuluka tidutse m'chifu tili amoyo ndi kukafika m'matumbo. Asidi akachepa, ngakhale tochepa timadutsa. N'chifukwa chake munthu amene amamwa mankhwala oziziritsa asidi tsiku ndi tsiku amagwidwa msanga ndi kolera kusiyana ndi mnzake womwa pa chitsime chomwecho. Chimodzimodzinso amene amasungunula soda wophikira therere m'kapu nthawi iliyonse akamva chilungulira. Ife a kwa Kalembo nkhaniyi siyotitalikira. Mliri waukulu wa kolera m'mbiri ya dziko lino unayambira m'boma la Machinga mu Marichi 2022, ndipo unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Nyanja ya Chilwa, komwe asodzi okhala m'zimbowera akhala akuvutika ndi matendawa kwa zaka zambiri, madzi ake ndi amchere komanso opanda asidi, malo omwe kachilomboka kamawakonda. Sitikunena kuti wodwala asiye mankhwala amene adokotala anamupatsa. Tikunena za chizolowezi chomwa soda ngati tiyi.

Kodi mumadziwa kuti chimbudzi cha wodwala kolera, chooneka ngati madzi otsukira mpunga chija, chimatuluka ndi mchere womwe umaletsa magazi kuwawasa? Mcherewo ukatha, asidi amachuluka m'magazi, wodwala n'kumapuma mofulumira ndi mozama. Paketi ya Thanzi ORS ili ndi mchere wobwezeretsa zimenezi. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, osaonjezera shuga.

Tibwerere ku chakudya. Chikangochoka m'chifu, kapamba amathira madzi oziziritsa asidi wa m'chifu uja, moti m'matumbo aang'ono muyeso umakwera kufika pa 6 kapena 7.

Koma nkhani yokoma ili m'matumbo aakulu. Kodi mumadziwa kuti m'menemo mumakhala tizilombo tabwino tosawerengeka, tomwe timadya zimene inu mwalephera kugaya? Gaga wa mu mgaiwa, makoko a nandolo ndi khobwe, ulusi wa mbatata, chisoso, bonongwe ndi malambe zikafika kumeneko, tizilomboti timazisasitsa n'kupanga asidi wofatsa. Asidi wofatsayu ndiye chakudya cha khungu la m'kati mwa matumbo, ndipo amalepheretsa tizilombo toyipa kuswana. Choncho nsima ya ufa woyera yomwe timainyadira pamaso pa alendo imasiya tizilombo tabwinoti ndi njala. Nandolo amene timathamangira kukagulitsa yense kwa mavenda pa Ulongwe, thumba limodzi lizitsala pakhomo.

Kodi mumadziwa kuti chimbudzi cha khanda loyamwa bere lokha chimakhala ndi asidi wochulukirapo kuposa cha munthu wamkulu? Cha wamkulu chimakhala pafupi ndi 7, cha khandalo chimatsika mpaka cha pa 5. Mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wapadera yemwe mwana sagaya, koma amadyetsa tizilombo totchedwa Bifidobacterium, timene timawawasitsa matumbo ndi kutchinga matenda otsegula m'mimba. Chimbudzi chachikasu, chofewa, chonunkhira mowawasa pa thewera la mwana woyamwa si matenda. Apa mpomwe pagona nzeru ya achipatala yoti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6.

Pali kuwawasa kwina kosafunika. Mwana akatsegula m'mimba kwa masiku angapo, matumbo ake amatha kulephera kwa kanthawi kugaya shuga wa mu mkaka. Chimbudzi chimatuluka cha thovu, ndi mpweya wambiri, ndipo chimawotcha matako mpaka kufiira. Musamuletse kuyamwa. Mutsukeni ndi madzi oyera, mupatseni ORS ndi mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo zikapitirira mukaonane ndi alangizi a zaumoyo.

Nanga thobwa? Likasasa pang'ono, asidi wake amachepetsa tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Chambiko nachonso chimodzimodzi. Koma mukasungunula thobwalo ndi madzi a pa dambo mwaononga zonse.

Kodi mumadziwa kuti zilonda zambiri za m'mimba sizibwera chifukwa cha tsabola kapena kuganiza kwambiri? Gwero lake lalikulu ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamadziteteza ku asidi podzizunguliza ndi mankhwala oziziritsa. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo anakatulukira mu 1982. Anzawo atakana kukhulupirira, Marshall anamwa dala tizilomboto mu 1984 n'kudwaladi, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Gwero lina ndi kumwa pafupipafupi mapiritsi opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac.

Chimbudzi chakuda bii, chomata ndi chonunkha kwambiri chimasonyeza kuti mwina chilonda chikutaya magazi m'kati. Amayi oyembekezera amene akumwa mapiritsi oonjezera magazi asadabwe, mapiritsiwo amadetsa chimbudzi. Koma ngati simukumwa mapiritsi otere ndipo mwaona zimenezi, musadikire kuti kuche kawiri, pitani ku chipatala cha Kalembo kapena cha boma ku Balaka tsiku lomwelo.