ZA KACIGAMBA KOMVA MTIMA WA KHANDA

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za nchito ya mmisiri wina wa ku America, imene ikhudza tiana tija timabadwa masiku asanakwane. Mimba ya munthu imatenga masabata ngati 40, ndipo khanda lobadwa masabata 37 asanathe ndilo timati losakwana masiku. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse linawerenga kuti m'caka ca 2020 makanda otere anabadwa mamiliyoni 13.4, ndiko kunena mmodzi mwa khumi ali onse. Palibe mudzi umene sunaone zimenezi, ndipo palibe banja lingathe kunena kuti kwao sizidzagwa.

Khanda lotere likafika ku cipatala cacikuru, madotolo amaligoneka m'bokosi lofunditsa, pakuti thupi lace silitha kusunga kutentha. Ayeneranso kudziwa usana ndi usiku ngati mtima ukugunda bwino, ngati likupuma, ngati magazi ace ali ndi mpweya wokwanira. Cifukwa cace amamata timawaya pa cifuwa ndi pa phazi, natilumikiza ku makina a magetsi oima pambali. Makina amenewa apulumutsa ana osawerengeka, ndipo tiyamika Mulungu cifukwa ca iwo. Koma ali ndi mabvuto awiri. Loyamba, khungu la khanda losakwana masiku ndi lanthete koposa; pomatula pulasitala khungu limasupuka, ndipo ana ena amakula ndi zipsera. Laciwiri ndilo lowawa mtima: mwana womangidwa ndi mawaya abvuta kumnyamula. Mai amangoima kunja kwa bokosi, mkaka uli tho m'mawere, nayang'ana mwana wace osamfungatira.

Mmisiri tikunenayu dzina lace ndi John Rogers. Anabadwa m'caka ca 1967, anaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu yaikuru ya Illinois, ndipo m'caka ca 2016 anasamukira ku sukulu ya Northwestern, kufupi ndi mzinda wa Chicago. Iye si dotolo iai. Nchito yace ndiyo kufufuza makhalidwe a zitsulo, miyala ndi mphira. Funso limene anadzifunsa ndi iri: Mulungu anaumba thupi la munthu lofewa ndi lopindika, koma zida za magetsi ziri zouma ndi zolimba, nanga sikutheka kupanga cida cofewa monga khungu lomwe?

Mtima wa cida ciri conse ca magetsi, kaya wailesi kaya lamya, ndiko kamwala kochedwa silicon, kamene amakayenga kucokera ku mcenga. Kamwalaka kakapindidwa kamasweka monga galasi. Koma taganizani za thabwa ndi pepala. Zonse ziwiri zicokera ku mtengo. Thabwa silipindika, pepala lipindika, ndipo kusiyana kwace ndiko kucindikala kokha. Momwemonso silicon akaisenga kufikira ipyapyale koposa tsitsi la munthu, imapindika osasweka. Linatsala bvuto lina, pakuti khungu silingopindika, limatanukanso. Waya woongoka ukakokedwa umaduka. Tsono Rogers, pamodzi ndi mnzace Yonggang Huang, anakonza timawaya tokhotakhota monga mkwekwe wa njoka pa mcenga. Tikakokedwa timatambasuka, tikasiyidwa timabwerera m'malo mwace. Zonsezi anaziyala pa mphira wofewa. M'caka ca 2011 anaonetsa dziko kacigamba koyamba, komamatira pa khungu popanda ulimbo wolimba, kotha kumva kugunda kwa mtima.

Koma mutu umodzi susenza denga. Mmisiriyo anagwirizana ndi madotolo a ana, mmodzi wa iwo mai Amy Paller, wodziwa za nthenda za khungu, ndipo m'caka ca 2019 analengeza zimene anapeza atayesa tizigambato pa makanda m'zipatala za Lurie ndi Prentice ku Chicago. Tizigamba tiri tiwiri. Ka pa cifuwa kamamva mphamvu yaing'ono ya magetsi imene mtima umaturutsa pogunda, kamvanso kupuma ndi kutentha kwa thupi. Ka pa phazi kamawalitsa kanyali kolowa m'khungu, ndipo poona maonekedwe a magazi kamadziwa mpweya uli m'menemo. Poyesa nthawi imene kugunda kumatenga kucokera ku mtima kufika ku phazi, madotolo amathanso kuyerekeza kuthamanga kwa magazi. Waya palibe ndi mmodzi yemwe. Toyambato tinkalandira mphamvu kucokera ku cida cobisika pansi pa matiresi. Ta m'caka ca 2020 anatiikira kabatire kakang'ono, kuti titumize uthenga ku lamya ya m'manja mwa namwino, ngakhale kumene magetsi ali obvuta.

Nzeru imeneyi sinathere ku America. Anakonzanso tizigamba ta amai apakati, tomva mtima wa mai, mtima wa mwana ali m'mimba, ndi kuwawa kwa mimba pamene nthawi yocira yayandikira. M'caka ca 2021 analengeza kuti anatiyesa pa amai 576, ndipo ambiri a iwo anali a ku Lusaka m'dziko la Zambia, kwa abale athu olankhula cinenero cathu comwe.

Tsono tifunse: amisiri ndi madotolo anabvutikiranji zaka zonsezi pofuna kucotsa mawaya? Cacikuru ndico kuti mwana abwerere pa cifuwa ca amace. M'caka ca 1978 dotolo Edgar Rey wa ku Bogotá m'dziko la Colombia, poona kuti mabokosi ofunditsa acepa, anayamba kuuza amai kuti agoneke makanda pa cifuwa cao, khungu pa khungu, namange ndi nsaru. Njira imeneyi anaicha dzina la kangaru, nyama ya ku Australia yosunga mwana wace m'thumba la pa mimba. Mwana wogona motero amafunda, amapuma bwino, amayamwa msanga, ndipo nthenda sizimgwira kawirikawiri. M'caka ca 2021 kunalengezedwa kafukufuku wocitika m'maiko asanu, Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania. Kwathu kuno unacitikira pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Anayang'ana makanda osafika makilogalamu 1.8. Mwa amene anadikira kuti ayambe alimba asanaikidwe pa cifuwa, anamwalira ngati 16 mwa 100 ali onse m'masiku 28 oyamba. Mwa amene anaikidwa pa cifuwa atangobadwa, anamwalira 12. Cifukwa cace m'caka ca 2022 bungwe la umoyo lija linalangiza kuti khanda losakwana masiku liikidwe pa cifuwa msanga litabadwa.

Taonani, abale, m'mene nzeru ya anthu ophunzira yazungulira ulendo wautali, nifika pa cinthu cimene Mlengi anapatsa mai ali yense kwaulere. Kacigamba ndi mlonda wabwino, kocenjeza namwino mwana akayamba kufooka. Koma kufunditsa ndi kuyamwitsa ndi nchito ya mai. Cotero tisakhale manja lende kuyembekeza kuti zida zotere zifike kaye m'zipatala za kumudzi, pakuti cothandiza coyamba tiri naco kale.

Inu amai apakati, pitani ku sikelo mimba ikali yaing'ono, ndipo mukacirire ku cipatala. Mukaona magazi, madzi kusweka, kapena mimba kuwawa masiku asanakwane, musacedwe ndi mankhwala a kumudzi. Inu abambo, konzeranitu ulendo ndi ndalama ya pa njira; ndipo mai akatopa, musacite manyazi kuika khandalo pa cifuwa canu, pakuti cifuwa ca bambo cifunditsanso. Inu agogo ndi apongozi, musanene kuti kamwana kotere ndi ka malodza, kapena kuti si munthu. Kali ndi mzimu wosafa monga ife tonse. Katungireni madzi mai wace, mumphikire, mumlimire, kuti akhale ndi mwana usana ndi usiku. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo khanda likakhala pafupi kufa, wansembe ali kutali, kumbukani kuti munthu ali yense angathe kulibatiza, pothira madzi pa mutu ndi kunena mau amene tinaphunzira m'katekisimu. Pambuyo pace mukadziwitse Abambo ku misyoni.

Mwezi uno, popemphera Kolona madzulo m'nyumba zathu, tikumbuke makanda onse obadwa masiku asanakwane, amai ao, anamwino ocezera usiku, ndi amisiri amene agwiritsa nzeru zao potumikira ang'onoang'ono. Maria Woyera, amene anakulunga Mwana wace Yezu m'nsaru ku Betelehemu, awasunge onse.