Makompyuta akasiya kumvana, musathamangire kuloza chala makoswe

Mwezi wathawu anandiitana ku ofesi ina ya alimi kufupi ndi Namitete. Nditangotsika pa kabaza, mayi wosunga mabuku a ndalama anandichingamira ndi dandaulo: "Achimwene, chibwerereni laputopu yatsopanoyi, fotokope ikukana kutumiza malisiti mu kompyuta. Kapena makoswe adya mawaya?"

Mawaya anali bwinobwino. Makinawo ndiwo anasiyana chilankhulo.

Kompyuta ikafuna fayilo kwa inzake imatsata malamulo otchedwa SMB: ipereke moni motani, idzitchule bwanji, katunduyo amangidwe chotani panjira. Malamulowa adayambira ku IBM m'ma 1980, Microsoft n'kuwatenga, ndipo amasinthasintha. SMB2 idabwera ndi Windows Vista, kenako SMB3 mu 2012, yomwe imatha kubisa zodutsa pawaya kuti womvetsera pakati asatolepo kanthu. Fotokope ya ku Namitete ija inkangodziwa SMB1, pomwe Windows 11, yomwe inali mu laputopu yatsopano ija, imabwera SMB1 atachotsamo kale.

Njira yachidule ilipo: kubwezeretsa SMB1 mu laputopu, zonse n'kuyenda, iwe n'kulandira yako. Anzanga ambiri pantchitoyi amatero. Ine ndimakana, ndipo zimandiwawa ndikazipeza. Mu May 2017, pulogalamu yoipa ya WannaCry idalowera pa chiboo cha SMB1 n'kumanga mafayilo m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala za ku Britain kubweza odwala. Chonsecho Microsoft idali itatulutsa chigamba chotsekera chiboocho mu March, miyezi iwiri m'mbuyomo. Ambiri amene adalira ndi omwe sadachiike. Tangoganizani kaundula wa ngongole za feteleza za alimi onse atamangidwa, dzinja lili pakhomo.

Ntchito yolondola malamulo a SMB akamasintha ndi yaikulu. Samba, pulogalamu yaulere imene imathandiza makompyuta a Linux kumvana ndi a Windows, adaiyamba Andrew Tridgell ku Canberra ndipo idatuluka mu 1992. Kwa zaka zambiri gulu lake linkaphunzira malamulowo pomvetsera zimene makompyuta akuuzana pawaya, ngati mlendo wophunzira chilankhulo pamsika. Zikalata zenizeni za malamulowo adaziona kuchokera mu December 2007, Microsoft itagonja pamlandu ku European Union. Lero Microsoft ikasintha ndime, iwo amawerenga, kukonza, kuyesa. Mu 2019, Samba 4.11 nayonso idayamba kubwera SMB1 ili yozimitsa. Koma thukuta lawolo silifika lokha pa Nsaru kapena kwa Kabudula; pamafunika munthu wolowetsa zatsopanozo m'makina.

Tsiku lija ku Namitete tinagula bandulo, ndinakoka pulogalamu yatsopano ya fotokopeyo pa intaneti kwa amene anaipanga, n'kuilowetsa mtima uli m'mwamba kuopa kuti magetsi angathime pakati. Fotokopeyo inadzuka ikulankhula SMB2. Mayi aja anaika lisiti pagalasi, ndipo linatulukira mu foda yawo.

Ndisananyamuke ndinawalembera pakapepala funso loti akafunse wogulitsa akamadzagula makina ena, makamaka akaunjika: "Kodi amadziwa SMB3, nanga opanga ake akutulutsabe zokonzera?" Anakamata pakhoma pafupi ndi kalendala.