Buledi wa m'mawa ku Chilomoni: wogula amayeza ndi dzanja

Ikamakwana 5 koloko m'mawa, Chilomoni imakhala itadzuka kale. Alonda akuweruka ku Namiwawa ndi m'tauni, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu akulowera komwe alondawo akuchokera, ndipo anyamata a njinga akumanga makileti a buledi ndi malamba a mphira kuti akafike m'maokala a ku Nthukwa ndi ku Sigerege ana asanapite kusukulu. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta phiri la Michiru, fungo la masikono ongotuluka kumene mu uvuni limamveka patali, ndipo pakhomo la bekale pamayamba kamzere ka anthu ovala majuzi ndi zitenje zofunda.

Funso loyamba pa zenera logulitsira nthawi zambiri silikhala la mtengo. Wogula amayamba ndi kuti, "Ndi wa lero?" Wogulitsa angayankhe kuti inde, koma mayi wodziwa kugula samva zapakamwa zokha. Amanyamula buledi uja, kumufinya pang'ono m'mbali ndi chala chachikulu, n'kuona ngati akubwerera m'malo mwake. Amamuika pachikhatho kuti amve kulemera kwake. Akaona timadontho ta nthunzi m'kati mwa jumbo amadziwa kuti buledi anamukulunga akadali wotentha, ndipo amadziwanso kuti buledi wotereyu sachedwa kuchita chuku nyengo yotentha ya Okutobala. Zonsezi zimachitika mwachangu, mnzake wa kumbuyo asanayambe kung'ung'udza.

Ogula pa bekale ya m'dera ndi osiyanasiyana, koma ambiri amabwera ndi masamu m'mutu. Mayi amawerenga ana ake, kuwonjezera bambo awo ndi mphwake amene akusunga, n'kugula masikono okwanira mitu imeneyo basi. Iyeyo mwina angomwa tiyi wopanda chotafuna. Mmisiri womanga nyumba amafuna banzi lalikulu lokhutitsa, la mtundu umene anthu anautcha Obama kapena Bin Laden, loti akamwera tiyi pa tiyirumu afike nalo masana. Mwini okala amaoda ambiri kuti akagulitsenso. Ndiye pali mwana wotumidwa, ndalama ataifumbata mpaka kunyowa, akubwereza pansipansi zimene amuuza kunyumba kuti asaiwale. Mmene wogulitsa amamuchitira mwana ameneyu, ngati amupatsa buledi wabwino ndi chenje chokwanira monga akanachitira ndi mayi ake, banja lonse limadziwa tsiku lomwelo.

Dandaulo lalikulu la ogula masiku ano ndi limodzi: sikono yachepa. Ena amati yangofufuma koma m'kati muli mphepo yokhayokha, ukaiviika mu tiyi imathera m'kapu momwemo. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo gwero lake lili kutali ndi Chilomoni. Tirigu amene timadya m'Malawi muno pafupifupi yense amachokera kunja. Amalimidwa pang'ono m'madera ozizira a ku Neno ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, koma ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene makampani ogaya ufa, monga Bakhresa ku Blantyre, amafuna. Wotsalayo amabwera pa sitima zapamadzi, kudzera m'madoko a Mozambique, ndipo amalipiridwa ndi madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wa tirigu unakwera padziko lonse chifukwa maiko awiriwa ali m'gulu la ogulitsa tirigu wambiri. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Thumba la ufa la makilogalamu 50, yisiti, majarini, mafuta ophikira, zonse zinatsatira. Ngakhale shuga, amene timapanga tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa, wakhala akusowa m'masitolo nthawi zina, monga zinachitikira mu 2024.

Wophika buledi wa m'dera ali ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kukweza mtengo, kapena akhoza kudula mtanda wocheperako pa sikono iliyonse. Ambiri amasankha yachiwiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mitengo ya zinthu zing'onozing'ono kuno imayenda ndi ndalama zimene zili m'thumba mwa anthu, K100, K200, K500. Kuchoka pa mtengo wina kupita pa wotsatira ndi kudumpha kwakukulu, ndipo mayi uja amene anawerenga mitu ya ana ake sangakwanitse. Choncho thumba limodzi la ufa limayamba kubala masikono ambiri kuposa kale, ndipo ena amausiya mtanda kuti ufufume mopitirira kuti diso lisaone kusiyana.

Diso likhoza kunamizidwa, koma dzanja la munthu amene wagula pamalo amodzi zaka zambiri silinamizidwa. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene ophika ena amataya anthu awo popanda chifukwa. Wogula wa ku Chilomoni amadziwa bwino kuti zinthu zakwera, iyenso amagula sopo ndi mafuta. Chimene chimamupweteka ndi kumuuza kuti palibe chasintha pamene chikhatho chake chikumuuza zina. Wophika amene amanena poyera kuti, "Mayi, ufa wakweranso, tachepetsako pang'ono," amasunga kasitomala wake. Wokana amamutaya mwakachetechete, chifukwa anthu athu sakonda kukangana pa zenera. Amangoyamba kudutsa njira ina.

Vuto limeneli si la ife tokha. Ku Philippines, dziko la zilumba la anthu oposa 100 miliyoni, bekale ya m'dera, imene amaitcha panaderya, ili pafupifupi m'mudzi ndi m'tauni iliyonse. Iwo salima tirigu wogulitsa, nawonso amaitanitsa kunja, wambiri kuchokera ku America. Chizolowezi chodya buledi anachitengera kwa anthu a ku Spain amene anawalamulira zaka zoposa 300 mpaka 1898. Chakudya chawo cha m'mawa chodziwika ndi pandesal, kabanzi kakang'ono kofewa, kotsekemera pang'ono, kamene amakagubuduza m'nyenyeswa za buledi asanakaike mu uvuni. Amakaphika kusanache, anthu n'kumagula kali kotentha, m'kapepala kabulawuni, ndipo ambiri amakaviika mu khofi monga ife timaviikira sikono mu tiyi wa Chombe. Masana amabwereranso kudzagula ensaymada kapena pan de coco, banzi lokhala ndi kokonati m'kati. Kale ankaphikira mu uvuni wa njerwa wa nkhuni wotchedwa pugon, ndipo alipobe ogula amene amayenda mtunda kufunafuna pandesal wa mu uvuni wotero.

Kumenekonso ufa ukakwera, nyuzipepala zimalemba za pandesal amene wachepa. Koma pali chimodzi chimene anachita chimene chikanatithandiza kuchilingalira. Unduna wawo wa zamalonda unagwirizana ndi mabungwe a ophika buledi kuti pakhale buledi wotsika mtengo wa kulemera kodziwika: Pinoy Tasty wa magalamu 450, ndi paketi ya Pinoy Pandesal ya timabanzi 10 yolemera magalamu 250. Mtengo ukafuna kusintha, zimalengezedwa poyera. Wogula amadziwa chimene akulipirira. Kuno kwathu tili ndi Malawi Bureau of Standards yoona za miyezo ndi ukhondo wa zakudya, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, tilinso ndi Consumers Association of Malawi imene yakhala ikulankhulira ogula kwa zaka zambiri. Koma sikono ya pa zenera la m'dera imagulitsidwa ndi maso, ilibe pepala lonena kulemera kwake. Sikelo yaing'ono pa kauntala, ndi kachikwangwani konena kuti sikono imodzi ndi magalamu akuti, sizingamudyere mpamba wophika aliyense.

Anthu a ku Philippines ali ndi ubale wa wogula ndi wogulitsa umene amautcha suki, wa munthu amene amagula pamalo amodzi nthawi zonse ndipo amasungiridwa zabwino. Ku Chilomoni ubale umenewu ulipo ndithu, ndipo ndi umene umagwira mabekale ang'onoang'ono kuti asagwe pamaso pa magalimoto a makampani akuluakulu obweretsa buledi wodula kale m'masilayisi. Pa bekale ya m'dera munthu amadziwika. Wogulitsa amafunsa, "Mwadzuka bwanji agogo, mwendo uja uli bwanji?" Amadziwa kuti bambo akutiakuti amakonda sikono za m'mphepete mwa thireyi zimene zapsa kwambiri, ndi kuti mayi ena safuna zotsekemera chifukwa cha matenda a shuga. Pali kakope kobisika pansi pa kauntala kamene mumalembedwa maina a odalirika mwezi ukafika pakati, malipiro akadali kutali. Pali basela, sikono imodzi yowonjezera kwa amene wagula zambiri, kapena yophwanyika pang'ono yopatsa mwana wotumidwa uja. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa malonda a buledi mawuwa amaoneka ndi maso. Pakagwa maliro m'dera, bekale yomweyo ndi imene imadzutsidwa usiku kuti iphike buledi wa tiyi wa anthu ogona pa siwa, ndipo nthawi zambiri ndalama zimabwera pambuyo, chipepeso chikasonkhanitsidwa.

Ngongole imeneyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo ogula tiyenera kuivomereza. Wophika amagula ufa ndi ndalama yapamanja. Anthu khumi akachedwa kubweza, thumba la mawa siligulidwa. Mabekale ena ang'onoang'ono atsekedwa osati chifukwa chosowa makasitomala, koma chifukwa makasitomala ake anali ambiri m'kakope kuposa m'kabati ya ndalama.

China chimene wogula saona akaima pa zenera ndi nkhondo ya moto. Mtanda ukafufuma sudikira munthu. Magetsi akazima uli m'mathireyi, umapitirira, umayamba kuwawasa, ndipo buledi wake amatuluka wophwatalala. Mphepo yamkuntho ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakhala kwa maola ambiri mpaka makinawo anakonzedwa mu 2023. Ophika okhala ndi majenereta anakumananso ndi mizere ya dizilo. Ambiri ang'onoang'ono anabwerera ku uvuni wa njerwa kapena wa mgolo, wa nkhuni ndi makala. Ogula ena amaukonda buledi wa pa nkhuni chifukwa cha kafungo kake ndi khungu lake lokhuthala. Koma aliyense wokhala ku Chilomoni akakweza maso amaona mmene mitengo yathera m'phiri la Michiru, ndipo mzinda wa Blantyre unaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, chimene madzi amachita akatsika m'mapiri. Uvuni wa sikono si ndiye wamaliza nkhalango, komabe nkhuni zake zimachokera kwinakwake.

Pa ukhondo ogula asintha kwambiri. Kale munthu sankadandaula wogulitsa akagwira ndalama kenako n'kugwira banzi ndi dzanja lomwelo. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unakhudza kwambiri Blantyre, ambiri amayang'ana ngati pali chopanira kapena ngati wogulitsa wavala kajumbo kudzanja, ngati zakudya zavundikiridwa ku ntchentche ndi fumbi la mumsewu, ngati pali ndowa ya madzi osamba m'manja. Kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kwachepetsanso mkangano wa chenje, ngakhale agogo ambiri amakhulupirirabe ndalama yomanga pa nsonga ya chitenje.

Mpikisano weniweni wa bekale ya ku Chilomoni suchokera ku masitolo a m'tauni okha. Umachokera kwa mayi wokazinga mandasi ndi zitumbuwa pakhomo pake, kwa wogulitsa chikondamoyo, ndipo koposa zonse umachokera kumunda. Mbatata ikayamba kutuluka mvula itatha, milu yake ikadzaza pamsika, mabanja ambiri amasiya buledi n'kumamwera tiyi mbatata yophika kapena chinangwa, zimene zimakhalitsa m'mimba pa ndalama yochepa. Ophika ena anaganiza zoipanga mbatata kukhala bwenzi. Bungwe la International Potato Center lakhala likulimbikitsa m'Malawi muno buledi wosakaniza ndi phala la mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi vitamini A wambiri, ndipo buledi wotereyu waphikidwapo ndi kugulitsidwa mu Blantyre momwemuno. Phala la mbatata limalowa m'malo mwa gawo lina la ufa wa tirigu, limachepetsa shuga wofunika kuthira, ndipo ndalama yake imapita kwa mlimi wa ku Mulanje kapena Chiradzulu m'malo mopita kunja. Ufa wa chinangwa wokonzedwa bwino wayesedwanso m'masikono ndi m'mandasi.

Ku Philippines ophika a m'madera anachitanso zofanana ndi zomera za kwawo. Amagulitsa pandesal wosakaniza ndi masamba a malunggay, mtengo umene ife timautcha chammwamba ndipo wadzaza ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komanso pandesal wofiirira wa chilazi chawo chotchedwa ube, amene anatchuka kwambiri nthawi ya Covid-19. Makasitomala awo anazolowera mitundu imeneyi. Wophika wa ku Chilomoni amene angayambe kuika thireyi imodzi ya masikono a mbatata pambali pa a masiku onse, n'kumalawitsa kachidutswa kwa amayi amene amabwera m'mawa uliwonse, adzamva maganizo awo sabata isanathe, chifukwa pa nkhani ya chakudya cha ana awo amayiwa sabisa mawu.